Lipoti la nkhani: Agogo okana kusamuka pagombe la ku Nkhotakota

Mmene nkhaniyi idandipezera

Ndimagwira ntchito yosamalira anthu m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja m'boma la Nkhotakota. Nkhani imene ndikulemba pano ndi ya bambo wina wachikulire, wopitirira zaka 85, amene ndidayenda naye kuyambira mu Epulo 2024 mpaka mvula itayamba kumapeto kwa chakacho. Dzina lawo, la mudzi ndi la mfumu yawo ndazisiya dala. Ndiziwatchula kuti agogo, monga ndinkawaitanira. Iwo eni adavomera kuti ndilembe, kuti anzanga apantchito ngati yangayi aone.

Chaka chimenecho nyanja idakwera kupitirira mamita 476 poyezera kuchokera pa nyanja yamchere. Achinyamata adali asanaonepo zotere. Akuluakulu okha ndiwo ankakumbukira za 1980, pamene idafika cha m'ma 477. Mvula idagwa yambiri kumpoto ndi ku Tanzania, mitsinje ngati Songwe ndi Ruhuhu idathira madzi osaneneka, pomwe khomo lotulukira ndi limodzi lokha, Shire. Pagombe anthu ankaloza chala ku Liwonde, ku Kamuzu Barrage, yomwe idamangidwa mu 1965 ndipo imalamulira madzi opita kumakina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ankati atseka zipata, ndiye madzi abwerera kwa ife. Mkangano umenewo sindinkaulowa, chifukwa otsegula zipatazo amayeneranso kuganizira anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje. Yanga idali anthu amene nyumba zawo zidali m'madzi.

M'mudzi mwa agogo, matandala oyanikapo usipa adamira, chinangwa chidavunda m'munda, nyumba za zidina zosawotcha zidayamba kusungunuka kuchokera pansi. Mfumu idapempha malo kwa mfumu inzake kumtunda, tsidya la msewu wa M5, ndipo mabanja adasamuka pang'onopang'ono. Adatsala agogo okha. Kalata yondiitana yochokera ku komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zadzidzidzi idali ndi mawu ochepa: "Akukana. Mwina mutu."

Ulendo woyamba, ndi pamene ndidalakwa

Ndidawapeza atakhala pabwato lovundikira patsinde pa mango, akusoka ukonde umene sudalowe m'madzi kwa zaka zambiri. Madzi adali atameza kale chimbudzi ndi bafa, ndipo khoma loyang'ana kunyanja lidali lonyowa kufika m'chiuno. Mdzukulu wawo wamkazi, amene ali pabanja, ankawabweretsera kondowole kawiri patsiku, akudutsa m'madzi a m'maondo atasenza mbale, pamalo pamene ng'ona zidali zitayamba kuoneka.

Ndidawafunsa mafunso athu aja oyesera ngati munthu akudziwa pamene ali: tsiku, mwezi, maina a zidzukulu. Adayankha onse, nandikonza nditalakwitsa dzina la mfumu yakale ya m'mudzimo. Mutu udali bwinobwino. Thupi ndilo lidali ndi zovuta: ng'ala m'maso onse awiri, miyendo yotupa, ndipo mlangizi wa zaumoyo amene ndidapita naye adapeza kuti magazi akuthamanga kwambiri.

Ndiye ndidayamba kulalikira. Ndidawauza za kolera, za ng'ona, za khoma loti likhoza kuwagwera usiku. Ndidalonjeza lona, bulangete ndi ufa, ndipo ndidati galimoto ibwera kudzatenga katundu wawo. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, singano ili m'manja. Kenaka adati, "Mayi, malole ndidawaona kale. Pitani bwino."

Pafomu ndidachonga pa "akukana thandizo". Sindidafunse kuti malole ake ati. Cholakwa changa chachikulu m'nkhani yonseyi n'chimenecho, ndipo chidatidyera masabata awiri amene pambuyo pake tidawafuna osawapeza.

Amene adanditsegula maso ndi mdzukulu uja. Tidakumana pamsika, nandiuza kuti, "Amayi, agogowo sakulondera nyumba ayi. Mukawaone m'mawa." Ndidalawirira. Ndidawaona akutuluka ndi ndodo, akupapasa njira kulowera kumanda, omwe ali pakachitunda ka mchenga kumapeto kwa mudzi. Adaima pachiliza china chosapenta, nawerenga mapazi kuchokera pamenepo kukafika pamene mafunde amalekeza, nazika kamtengo. Timitengo ta masiku apitawo tidali titandandalika m'madzi, tina tikungooneka nsonga.

Chilizacho chidali cha akazi awo.

Zimene agogo adaona ku Kariba

Mbiri iyi idatuluka m'maulendo atatu, ine nditakhala pamphasa, kope litatsekedwa.

Agogo adachoka kuno ali mnyamata, nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kudzera kwa Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito za ku Rhodesia, monga ankachitira anyamata ambiri a ku Nyasaland. Adakagwera ku Kariba, pa mtsinje wa Zambezi, kumene ntchito yomanga damu idayamba mu 1955. Khoma lake ndi lalitali mamita 128, ndipo idalimanga ndi kampani ya ku Italy ya Impresit. Agogo ankasenza simenti ndi kukankha miyala. Amakumbukira madzi osefukira a 1957 ndi 1958, amene adakokolola zina zomwe zidamangidwa kale, ndi mmene eni dera ankanenera kuti Nyaminyami, mzimu wa mtsinjewo, wakwiya. Anthu 86 adafera pantchitoyo, ndipo tchalitchi cha St Barbara ku Kariba chimawakumbukira. Khoma lidatsekedwa mu Disembala 1958, madzi nayamba kubwerera m'chigwa, mpaka nyanja idadzaza mu 1963, yaitali kupitirira makilomita 200.

M'chigwa chimenecho, cha Gwembe, munkakhala Atonga. Pano ndifotokoze, chifukwa kuno kwathu tikati Atonga timaganiza za anzathu a ku Nkhata Bay ndi cha ku Dwangwa. Awa ndi ena, a ku Zambezi, chilankhulo chawonso n'china. Anthu pafupifupi 57,000 adachotsedwa mbali zonse ziwiri za mtsinje, kumene lero ndi Zambia ndi Zimbabwe. Adali anthu okolola kawiri pachaka: munda wa mvula kumtunda, ndi wina m'mbali mwa mtsinje madzi akaphwera, panthaka ya chonde yosiyidwa ndi madziwo, ngati madimba athu. Abale ankawolokerana pabwato kukwatirana ndi kulirana maliro. Midzi, misika yake, manda, ndi malo opempherera mvula amene iwo amati malende, zonse zili pansi pa nyanja tsopano. Kumtunda kumene adawapititsa kudali nthaka youma, yokolola kamodzi, mvula ikafuna.

Anthu a mfumu Chipepo adakana kupita ku Lusitu, dera la kunsi kwa damu, kutali ndi kwawo. Mu Sepitembala 1958, pa mudzi wa Chisamu, apolisi a boma la Northern Rhodesia adawombera, nafa anthu 8. Zitatero otsalawo adakwera malole, anthu pafupifupi 6,000. Ku Lusitu madzi akumwa adali ovuta, matenda otsekula m'mimba adabuka, ndipo ana ambiri adamwalira m'miyezi yoyambirira. Nthawi yomweyo dziko lapansi linkamva kwambiri za Operation Noah, ntchito imene Rupert Fothergill adatsogolera yopulumutsa nyama pafupifupi 6,000 pazilumba zomwe zinkamira. Nyama zidajambulidwa zithunzi zambiri kuposa anthu. Ndipo magetsi a damulo adalunjika kumigodi ndi kumizinda, midzi yambiri ya osamutsidwa nikhala mumdima zaka makumi.

Pakati pa okwera malolewo padali mtsikana wina amene mayi wake adamwalira chaka chimodzi kusamukako kusanachitike. Manda adatsala. Agogo adakumana naye ku Lusitu ntchito ya khoma itatha, iwo akuchita maganyu kumeneko. Anzawo ambiri adasanduka matchona, koma iwo Chitaganya chitatha mu 1963 adabwerera kwawo atamukwatira mtsikanayo, iye nakhala mtengwa pamudzi pano.

Adaphunzira Chichewa, ngakhale akamawerenga nkhuku kapena ndalama ankabwerera kuchilankhulo chakwawo. Adaphunzira kuviika chinangwa ndi kuphika kondowole. Koma ngakhale adakwatiwa ndi msodzi, bwato sankakwera. Ndipo nthawi iliyonse anthu akamapita kukalambula kumanda kapena kumanga chiliza, iwo ankathandiza kuphika, kenaka n'kukadzitsekera m'nyumba.

Kamodzi kokha adakwera bwato. Ana atakula, awiriwa adasonkha ndalama napita kukaona kwawo kwa mayiwo. Adalipira msodzi wa kumeneko kuti awaperekeze. Pa Kariba mitengo ya tsanya imene idamira idaumira chiimire, nthambi zake zoyera zikutuluka m'madzi. Msodziyo adapalasa pakati pa mitengoyo, naima, nati mudzi wanu udali cha pano. Mayiwo adayang'ana uku ndi uku kufuna chizindikiro, mlambe kapena chulu, koma padali madzi okhaokha. Adamasula kansalu, nathira ufa pamadzi, ufawo nuyandama pang'ono n'kubalalika. Agogo akuti ulendo wonse wobwerera mayiwo sadalankhule.

Akudwala matenda amene adawatenga, zaka khumi ndi zingapo zapitazo, adawauza amuna awo kuti, "Musadzandisiye m'madzi ngati amayi." Agogo adalonjeza mosavuta, poti manda adali patali ndi nyanja, pakati pali minda ndi matandala.

Mmene ndidaionera nkhaniyi

Agogo sadali osokonezeka mutu, sadalinso ouma mtima. Ankasunga lonjezo, ndipo mawu anga a galimoto ndi ufa adali omwewo amene akazi awo adawamva ali mtsikana. Ndikadapitiriza kukakamiza, kapena kulola achinyamata kuti awanyamule monga ena ankanenera, tikadapulumutsa thupi lokha.

Izi si zachilendo kwa amene adafufuza za Kariba. Elizabeth Colson ndi Thayer Scudder adayamba kutsatira Atonga a ku Gwembe mu 1956, madzi asanabwere, napitiriza zaka makumi angapo. Adaonetsa kuti kusamutsidwa mokakamiza kumadwalitsa thupi, kumaswa mtima, ndiponso kumagwetsa ulemu wa mafumu ndi akuluakulu amene alephera kuteteza anthu awo, ndipo okalamba ndi ana ndiwo amavutika koposa. Zidachitikanso ku Sudan, kumene tauni ya Wadi Halfa idamira mu 1964 chifukwa cha damu la Aswan, anthu ake napititsidwa pasitima ku Khashm el Girba, nsanja ya mzikiti wawo nitsala ikusuzumira pamwamba pa madzi.

Chimene chidandipweteka n'chakuti fomu imene ndidanyamula idali ndi mzere wa nyumba, wa ziweto, wa mbewu, wa ana asukulu, koma wa manda padalibe. Munthu ukafunsa zimene zili pafomu zokha, umamva zimene zili pafomu zokha. Ife m'dziko muno tikumanga ndipo tidzamangabe madamu, za Mpatamanga pa Shire tikuzimva, ndipo nyanja yathuyi imakwera ndi kutsika monga idachitira kale. Ndikuona kuti manda ayenera kufunsidwa tsiku loyamba, pamodzi ndi nyumba, eni ake adakali pamudzi ndipo adakatha kuloza kuti apa pagona uje.

Zimene tidachita

Choyamba ndidapita kukapepesa. Ndidati, "Agogo, tsiku lija ndidalankhula ndisanamve. Mundikhululukire." Adaseka pang'ono nati, "Mwananga, wabwera tsopano." Kuyambira pamenepo adasiya kunditchula kuti mayi.

Sindidawapemphenso kusamuka. Ndidawafunsa chimene chingachitike kuti agone tulo. Adati mafupa a akazi awo akwere kumtunda, ndipo iwo adzatsatira.

Apa mpamene padali ntchito. Kufukula maliro kuno si nkhani yamasewera. Anthu amakuona ngati za ufiti, ndipo adzukulu okumba manda poyamba adakaniratu. Padalinso funso la mwambo: mwini maliro ndani? Mayiwo adali mtengwa, mbumba yawo ili kutali ku Zambia, mwinimbumba woti avomereze padalibe. Tidakhala pansi pabwalo, mfumu, nduna zake, adzukulu, akulu ampingo wa agogo, ndi mwana wawo wamkazi wamkulu amene adabwera kuchokera ku Salima. Agogo adafotokoza okha, nkhani yonse, kuyambira ku Chisamu. Anthu ambiri pabwalopo adakhala ndi mayiwo zaka zonsezi osadziwa chifukwa chimene sankakwerera bwato.

Mfumu idakhala chete nthawi yaitali, kenaka idati, "Madzi saiwala khwawa. Mu 1980 adafika pa mango paja, ine ndikuona. Mayiwa tidawalandira ndife, ndiye eni maliro ndife pamodzi ndi ana awo." Mfumu itangotero, mabanja ena amene adali chete adayamba kudzuka mmodzimmodzi. Nawonso adali ndi abale mumzere wakunyanja, nawonso sankagona, koma ankaopa kuyamba kutchula.

Malamulo a zaumoyo salola kufukula mtembo popanda chilolezo cha boma, ndipo azaumoyo amayenera kukhalapo. Ndidalemba kalata, mfumu idadinda, ndidaipereka ndekha. Idakhalitsa pa tebulo lina kudikira siginecha, ndipo ndidayenda maulendo angapo kukakumbutsa. Podikirapo achinyamata adadzaza matumba ndi mchenga n'kuwasanja kutsogolo kwa manda. Ndi agogo tidapangana chonchi: usiku azigona kumtunda kwa mdzukulu wawo, m'mawa mnyamata wa kabaza aziwatsitsira kumanda kukazika kamtengo kawo. Adavomera masiku ena, masiku ena ayi. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi adayamba kumwa, poti ndidawauza kuti tsikulo likadzafika ayenera kudzaima okha pamanda.

Kenaka mwera udayamba. Amene amakhala kunyanja amadziwa mmene mphepo imeneyi imakankhira mafunde miyezi yozizira. Usiku umodzi matumba aja adabalalika, ndipo mbali ina ya kachitundako idagumukira m'madzi. Chiliza cha mayiwo chidatsala, chitapendekeka. Koma m'mphepete mwenimweni mudali kamtumbira ka mwana wawo woyamba, amene adamwalira ali khanda. Makanda otere amaikidwa ndi amayi, m'dzenje losazama, kumbali kwa manda. Kamtumbirako kadapita. Agogo adali asanandiuzepo za mwanayo. Adandiuza m'mawa umenewo, ataima pamene padali, ndodo ili m'madzi. Masabata awiri amene ndidataya poyamba paja, ndi masiku amene kalata idagona pa tebulo, ndimawawerengera pamenepo.

Chilolezo chidatuluka patapita masiku ochepa. Tidayamba m'bandakucha, mphepo isanadzuke. Adzukulu adatchinga malowo ndi mphasa, azaumoyo adawapatsa magolovesi ndi zotseka pakamwa, nathira mankhwala. Amayi adakhala patali akuimba nyimbo za mpingo motsitsa. Mchenga udali wonyowa ndipo dzenje linkadzaza madzi akamakumba, mpaka mnyamata mmodzi ankangokapa ndi ndowa. Bokosi lidali litatha. Mafupa adawatola bwinobwino n'kuwaika pansalu yatsopano yoyera, m'kabokosi kamene mmisiri wa m'mudzimo adakhoma. Mkulu wa adzukulu adatulutsa mumchenga timikanda tofiira ndi toyera, natitsuka m'ndowa, nawaika agogo m'dzanja. Maso awo saona bwino, ndiye adatipapasa ndi chala. Idali mikanda imene mayiwo adachoka nayo kwawo.

Adaweramira kabokosiko nati, "Tiyeni, mayi, tikwere kumtunda."

Tsiku lomwelo tidasamutsanso ena a mumzere wakunyanja amene abale awo adapempha. Manda atsopano ali pamalo okwera, kuseri kwa msewu. Madzulo ake agogo adauza mdzukulu wawo kuti akatenge mphasa, ukonde ndi wailesi kunyumba yakugombe. Palibe adawapempha.

Mmene zinthu zilili

Ndidawayendera mwezi uliwonse mpaka Disembala. Akudya bwino, kutupa kwa miyendo kudachepa, mankhwala akumwa mosadumphitsa chifukwa mdzukulu amawasungira. Ndidawalembera kalata yopita kuchipatala cha maso kuti akaone za ng'ala, ndipo dzina lawo ndidalipereka kuti liganiziridwe pa Mtukula Pakhomo. Za mwana uja amazitchula kawirikawiri tsopano, ndipo sindiwaletsa. Mwana wawo wamkazi akufuna kuika kamwala kakang'ono pambali pa manda a mayi ake, kolembapo dzina la khandalo, ndipo mfumu idavomera.

Zotsala zilipo. Malo akumtundawo ndi obwereka, mapepala palibe, ndipo ndapempha mafumu awiriwo kuti agwirizane polemba mboni zilipo. Nyanja itatsika m'chilimwe, monga imachitira chaka chilichonse, mabanja ena a asodzi adabwerera kugombe, poti usipa sungautsate uli tsidya la msewu. Manda akale adakali ndi anthu ambiri, ndipo mwera udzabweranso. Ndalembera akuluakulu anga kupempha kuti fomu yathu ikhale ndi funso la manda ndi malo a mapemphero, ndipo podikira yankho ndimalifunsa pakamwa n'kulemba kuseri kwa pepala.

Paulendo womaliza ndidawawerengera agogo lipotili kuti amve ngati ndalemba zoona. Adakonza malo awiri. Kenaka adafunsa ngati ndalemba dzina la mudzi wa akazi awo, uja uli pansi pa Kariba. Ndidati ayi, maina ndawasiya kuti anthu asawazindikire. Adati, "Pamenepo usiye. Koma m'buku lako la kuofesi ulembe, likhale penapake." Adalitchula kawiri pang'onopang'ono, ine ndikulemba, nandiuza kuti ndiwawerengere. Ndidalakwitsa katchulidwe, adandikonza, ndidawerenganso mpaka adagwedeza mutu. Lili patsamba loyamba la fayilo yawo, pansi pa dzina la mayiwo.